Beseni la Mtanda Pamiyendo Panga

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi chaka chimene ng'anjo za fakitale ya zitsulo ku Redcliff zinazima. Ku Torwood kumene tinkakhala, azibambo anayamba kuchoka mmodzimmodzi, ndipo m'nyengo yozizira tsiku la bambo anga linakwana. Anali oti akwere kombi ya ku Kwekwe madzulo, kenako basi ya ku Joni kukasaka ntchito.

M'masitolo munalibe buledi, mashelefu ali mbee. Amayi anali atabisa kathumba ka fulawa kamene azakhali anabwera nako kuchokera ku Mozambique, ndi kapaketi ka yisiti kotsegula kalekale, komanga ndi ulusi. Analumbira kuti mwamuna wawo sakwera basi chimanjamanja ngati munthu wopanda kwawo.

Anasungunula yisitiyo m'madzi ofunda, n'kuwaza kashuga. Tinadikira thovu. Linabwera, koma lonyozeka ngati malovu. Amayi analuma mlomo, n'kuthira mufulawa momwemo, ndipo anakanda mpaka thukuta kamukamu, kuzizira konse kuja. Fulawa wina panalibe. Akakanika ameneyu, basi.

Kenako anandikhazika pampando kuseri kwa nyumba, pamene dzuwa linkawomba khoma. Anandiika beseni pamiyendo, n'kufunditsa ine ndi beseni lomwe chijekete cha bambo cha kuntchito.

"Esinati, mtanda uwu ukufuna kutentha kwa thupi lako. Usasunthe, usavundukule. Ukangosuzumira, mphepo ilowa, buledi wafa. Wazvinzwa?"

"Ndamva, Amayi."

Ine ndinali mwana wosakhazikika, wokhala ngati wakhalira linthumbu, koma tsiku limenelo ndinauma gwa. Miyendo inachita dzanzi. Mkodzo unandigwira. Chijekete chinkanunkha utsi ndi dzimbiri, fungo la bambo lenileni. M'nyumba ndinamva sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi, mawu apansipansi, kenako zii. Ndinachita mantha. Nanga ngati yisiti uja anafa kalekale? Nanga ngati kathupi kanga kowondaka sikakutentha mokwanira? Bambo akakomoka ndi njala m'basi, mlandu ukhala wanga.

Chipo, mnzanga wa nyumba yoyandikana, anasuzumira pampanda, n'kundifunsa chimene ndinkachita.

"Uri kuitei iwe? Wadwala? Handei tikasewere phada."

Ndinangomuyang'ana ndi diso loipa mpaka anachoka. Chala changa chinafika m'mphepete mwa nsalu yovundikira beseni, ndipo chinakhala pamenepo nthawi yaitali. Ndinachibweza.

Amayi anatulukira maso ali psuu. Anati ndi utsi, pakuti magetsi anali atathima ndipo anasonkha moto panja. Anachotsa chijekete pang'onopang'ono. Ine ndinatsinzina.

"Hezvo! Baba Esinati, tabwerani mudzaone ntchito ya mwana wanu!"

Mtanda unali utafufuma mpaka kukankha nsalu. Ndisaname, ndinalira.

Anauphika mumphika wachitsulo, makala pansi, makala pachivundikiro, ndipo kunsi kunapserera pang'ono. Bambo ananyema kachidutswa kotentha n'kundipatsa, wotsalayo amayi anamukulunga m'nsalu. Ndinawaperekeza ku kombi ndikuyenda monyang'wa ngati ndine ndawapulumutsa. Panapita zaka tisanawaonenso.

Lero ndimaphika buledi ndekha kuno ku Gweru, ndipo ndikudziwa kuti mtanda uja ukanafufuma wokha pakhoma paja, wofunditsidwa chijekete, popanda mwana. Amayi sankafuna kutentha kwanga. Ankafuna kuti ndisaone bambo akulongeza, ndisaone iwo akulira. Anandipatsa mantha aang'ono oti ndithe kuwanyamula pamiyendo, aakuluwo n'kusenza okha m'nyumba.

Ndinadzawafunsa amayi atakalamba. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Nanga iwe, Esinati, china chokukhazika pansi chinali chiyani?"