Tigalimoto Tiwiri ndi Mbatatesi Zathu

Chaka chimene ankamanga mlatho kumunsi kwa mudzi wathu, amuna anga anadwala matenda a tigalimoto. Omanga mlathowo anabwera ndi kagalimoto ka dizilo, kopanda zitseko, ka mipando iwiri yoyandikana, kumbuyo kuli kabokosi konyamulira simenti. Kena kofanana nako kanali pa famu ya mkulu wina cha ku Lobi. Eni ake onse awiri anavomera kutibwereka kwa tsiku limodzi, ife n'kungothiramo mafuta, kuti titute mbatatesi kuchokera kumunda wathu wa kuchigwa kukafika kumsewu.

Munthu wanzeru akanangoti zikomo n'kutenga kamodzi. Osati anga aja. Anayamba kuyerekeza. Akuti ka pamlatho kali ndi mphamvu pachitunda koma kamamwa dizilo ngati chidakwa, ka ku famu n'kopepuka koma matayala ake pamatope atitimira. M'mawa asankha aka, madzulo ako. Pochokera ku Misa ankaima pamlatho n'kugwada, kusuzumira kunsi kwa kagalimoto, jekete la kutchalitchi lili pathupi. Zinandikwana.

Mbatatesi tinali titakumba kale, zili mulu m'munda, titazifunditsa udzu. Kumwamba kunali kukuda tsiku ndi tsiku. Mbatatesi yokumba ikanyowa sichedwa kuola, ndipo mulu umenewo ndiwo unali thukuta lathu lonse la chaka.

"Bambo, mapanga awiri avumbwitsa," ndinatero. "Ndikauze a ngolo abwere?"

"Ayi mayi, za ng'ombe zinapita ndi kale. Chaka chino zonse mundisiyire ine."

Ndinawasiyira. Koma kwathu kuno amuna anga ndi mkamwini, minda ndi ya mbumba yathu, ndipo njira yotsikira kuchigwa imadutsa m'mphepete mwa munda wa amalume anga. Chaka chilichonse ngolo isanadutse ndimapita kwa amalume, kukhala pansi, kupereka moni n'kupempha njira. Sanakanepo. Chimene amafuna n'kupemphedwa basi. Ndinawakumbutsa amuna anga zimenezi, iwo maso ali pa foni, akuonera tigalimoto tikukwera mapiri a kunja. "Ndamva," anatero.

Pamapeto pake anasankha ka pamlatho. Kanabwera m'mawa kakufuka utsi, iwo atakhala pambali pa dalaivala, akubayibitsa anthu ngati phungu. Ine ndinkatsatira pansi ndi matumba. Titafika pamunda wa amalume tinawapeza atakhala pakati pa njira, khasu lili pamiyendo.

"Akamwini, mukupita kuti ndi chigayo chimenechi?"

"Kukatuta mbatatesi, amalume."

"Podzera pa nyemba zanga? Mudzi wonse ukudziwa kukula kwa matayala ake ndi dizilo amene chimamwa. Ine mwini njira ndangomvera m'maluwa."

Ndinagwada n'kupepesa, manyazi atandigwira. Amalume anandiuza kuti ndinyamuke, mlandu si wanga. "Ngolo ikabwera idutsa, eni ake amadziwa moni. Ichi ayi."

Ngolo inali itapita kukatutira ena ku Kaphuka sabata yonseyo. Dalaivala anadikira pang'ono, n'kutembenuza kagalimoto kake kubwerera ku simenti. Chinatsala n'kusenza pamutu, ine ndi amuna anga ndi mng'ono wanga, kukwera chitunda chija ndi kutsika. Mawa lake masana mvula inayamba, ndipo sinakate msanga. Madzi analowa kunsi kwa mulu. Zimene tinapulumutsa sizinafike theka, zotsalazo patapita masiku zinayamba kununkha mpaka kunjira. Ndinalira, osati pang'ono, pokumbukira mmene ndinkapalira mizere ija m'chisanu cha m'mawa.

Koma chimene sindiiwala ndi ulendo wathu womaliza pa chitunda tsiku la mvula lija. Tonse tinali titanyowa, matope mpaka m'mawondo, thumba pamutu panga, lina paphewa pa amuna anga. Ndinamva akupuma mwabefu kumbuyo kwanga, ndipo ndinaganiza kuti tsopano apepesa.

"Mukudziwa mayi," anatero, "ka ku famu kaja n'kopapatiza. Kakanadutsa osakhudza nyemba."

Ndinatula thumba langa pamapazi awo n'kupita kunyumba chimanjamanja.