Kanyali Kofiira pa Makina a Khofi

Inu amene mumadziona ngati chilichonse chimene mwagwira chimawonongeka, imvani za make mapasa.

Tsiku lachitatu pa ntchito yatsopano ya m'nyumba, mayiyu anaima m'khitchini manja ali kumutu. Makina a khofi a amadamu ankatsokomola ngati nkhalamba ya chifuwa. Khofi ankangodontha, dontho limodzi, kupuma, dontho lina. Pamwamba pake kanyali kofiira kankaphethira osalekeza.

"Mayo ine," ananong'ona. "Ndawononganso."

Sanalakwe kunena kuti "nso". Mwamuna wake anapita kokafuna ntchito mapasa ali ndi miyezi inayi, ndipo mpaka lero akuifunabe. Sukulu anailekeza asanadziwe bwino kuwerenga. Kunyumba yoyamba anamuchotsa atawotcha diresi ndi simbi yamagetsi. Kwachiwiri anaika mbale yachitsulo m'kauvuni kotenthetsera chakudya, m'kati mukung'anima ngati mphezi. Mkulu wake, amene ankamusungira ana, anali atanena kale osapsatira: "Ukachotsedwanso, mng'ono wanga, udzatenge ana ako. Alamu ako atopa."

Kuno anamulemba mongoyesa, sabata imodzi. Amadamu anali namwino, munthu wa mawu ochepa. Makinawo anamusonyeza kamodzi kokha: tsegulani apa, ponyanimo kachitini ka khofi, tsekani, dinani batani. M'mawa umenewo make mapasa anati awapukute makinawo mpaka awale, anachotsanso kapulasitala kakuda kamene kanamatirira pamwamba. Kenaka anati ayeserere kupanga khofi kuti madzulo asadzachite manyazi. Mpamene anaona kanyalika.

Anazula chingwe kukhoma, n'kubwezeranso. Kanyali phethi, phethi. Anaganiza kuti mwina m'kati mwada, ndipo chakuda mankhwala ake ndi sopo. Anathira sopo wa mbale m'kathanki ka madzi, n'kudina batani. M'malo mwa khofi munatuluka thovu, kudzaza kapu, kusefukira patebulo.

Anatsika masitepe akuthamanga mpaka kugeti.

"Chamagetsi chikavuta timachimenya khofi kumbuyo," anatero alonda. "Wailesi yanga ndimaitero."

"Khofi wake uti? Wakumwa?"

"Ayi, wa dzanja!"

Wantchito wa nyumba yoyandikana, amene ankayanika zovala, analowerera. "Asakunamizeni, asisi. Thiranimo viniga."

"Viniga ayi!" anakuwa wina pazenera la pamwamba. "Amadya mphira za m'kati. Kwathu kuno anataya makina chifukwa cha viniga. Ikanimo soda."

"Soda wophikira kapena wakumwa?"

Funso limeneli linautsa mkangano, onse atatu akulankhula nthawi imodzi, mwini vuto atamuiwala. Anabwerera pamwamba mutu uli zweee. Amenye? Athire? Asathire? Anayang'ana thovu lija, anayang'ana wotchi, n'kutenga chikwama chake. Anati bola kuchoka yekha kusiyana n'kumvanso mawu aja akuti mawa musabwere.

Pamasitepe anapeza njira itatsekedwa ndi bokosi la zitsulo. Bambo wina wa imvi, wokonza mapaipi, anali atagwada akumasula paipi ya madzi otentha.

"Amayi, misozi masana ano, kwagwanji?"

Anawafotokozera zonse mosokonekera, za sopo, za alamu ake, za kanyali. Bamboyo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Makina a khofi sindiwadziwa, ine ndi wa mapaipi," anatero. "Koma chilichonse chodutsamo madzi otentha chimadwala nthenda imodzi. Taonani umu."

M'kati mwa paipiyo munali zoyera zouma gwa, ngati choko. Kabowo kotsala sikakanalowa n'chala chomwe.

"Madzi amakhala ndi laimu. Akamatentha amamusiya m'mbali, pang'onopang'ono njira n'kutsekeka. Mukasuzumire m'ketulo, mukazipeza."

"Ndiye kuti si ine?"

"Ntchito munayamba liti?"

"Lolemba."

Bamboyo anaseka. "Izi sizimera masiku atatu, amayi. N'za chaka, mwina ziwiri. Pitani mukafune bokosi limene anagulira makinawo. Opanga zinthu sasiya munthu opanda chomuuza."

Bokosi analipeza pamwamba pa kabati, fumbi lokhalokha. M'kati munali kabuku ndi kabotolo kosatsegula. Zilembo za m'kabukumo zinali ngati nyerere zomwazika, koma munali zithunzi: kabotolo kakuthiridwa m'thanki, jagi yaikulu pansi pa kampopi, zala ziwiri pa mabatani awiri, ndi nambala 3. Zitatu chiyani? Maola? Makapu? Anthu?

Apa anachita chinthu chimene sanachitepo kunyumba ziwiri zija. Anabwereka foni kwa alonda, n'kuimbira amadamu.

"Pepani amadamu, makina anu akudwala. Ndipo ine ndawonjezera matenda ndi sopo."

Make mapasa anakanikiza foni kukhutu.

"Mwadziwa bwanji kuti akudwala?"

"Kanyali kofiira."

"Kodi mwachotsa pulasitala uja? Ndinamatapo ndine chaka chatha. Kanyaliko kankandisowetsa mtendere, ndipo nthawi yowerenga kabuku ndinalibe." Amadamu anapumira m'mwamba. "Namwino wathunthu, kumata pulasitala pa nthenda ya m'kati. Yesani, amayi. Akafa afera m'manja mwa tonse awiri."

Anatsuka thanki kasanu mpaka sopo yense atatha. Anasolola kabokosi kogwera tizitini togwiritsa kale ntchito, napeza tina titachita nkhungu. Anatsuka kambale kolandira madontho. Anathira mankhwala a m'kabotolo ndi madzi mpaka pamzere, n'kutchera jagi.

Anadina mabatani awiri aja katatu. Palibe chinachitika. Anawagwira mphindi zitatu zathunthu, zala mpaka kuchita dzanzi, makina n'kuzima. Anawayatsanso, n'kuyesa lamanzere katatu, lamanja katatu. Anatembenuza kabuku, mwina anakagwira chadodolido. Pomaliza, atatopa, anadina onse awiri n'kuwerenga ngati mwana, modzi, wiri, tatu, n'kusiya.

Makina anabangula. Madzi anatuluka otuwa, muli tizibenthu toyera. Kenaka anasiya okha. Anayambanso. Anasiyanso. Nthawi iliyonse akasiya, make mapasa ankati basi afa, akayamba ankadzidzimuka. Thanki itauma anaidzaza madzi oyera n'kuwadutsitsa, kawiri konse, monga zithunzi zinkasonyezera.

Kanyali kofiira kanazima.

Sanasangalale msanga. Ankaganiza kuti mwina wapsereza nyaliyo. Anaponyamo kachitini, n'kudina batani. Khofi anatsika mowongoka, wotentha, fungo lake kudzaza khitchini yonse.

Madzulo amadamu anamwa kamodzi, n'kuyang'ana m'kapu. "Kani khofi ameneyu amakoma chonchi?" Anamwanso. "Sabata yoyesa ithere pompa, ntchito ndi yanu. Ndipo Loweruka mupite kwa mnzanga wa kuntchito, makina ake anasiya kalekale kutulutsa madzi."

Musaganize kuti kuyambira pamenepo njira inali yosalala. Makina a mnzawoyo anali a mtundu wina, batani limodzi lokha, ndipo anakhala nawo tsiku lonse asakumvana. Kwina anapeza a chogwirira chokoka, kwina olankhula ndi tinyali tinayi. Nyumba iliyonse ankayambiranso kusokonezeka. Koma tsopano ankadziwa kuti kusokonezeka si kupusa. Ankapempha bokosi, ankafunsa, ankayesa.

Zithunzi zitayamba kumuchepera, anaganiza zophunzira zilembo. Nthawi imeneyo n'kuti atapeza kachipinda kake, ana atawatenga yekha mwaulemu, ndipo mapasa aja atayamba sukulu. Iwo ndiwo anakhala aphunzitsi ake, aukali kwabasi. "Amayi, ameneyo si b, ndi d! Tinakuuzani dzulo!"

Lero make mapasa ali ndi benchi yake m'kachipinda koyandikana ndi wosoka nsapato. Pashelefu pamakhala makina a khofi, maketulo ndi masimbi a nthunzi, zonse zikudikira kuchotsedwa laimu. Waphunzitsa amayi awiri amene nawonso anachotsedwapo ntchito za m'nyumba. Wina wa iwo, tsiku lake loyamba, anagwetsa thanki n'kuyamba kulira.

"Tolani, asisi," anamuuza. "Pano wolira timamupatsa mpando, koma wofunsa timamupatsa ntchito."

Nanunso mwina lero mwaima pakati pa malangizo atatu otsutsana, chikwama chili kale paphewa. Musathawe msanga. Vuto lina limene mukudziimba nalo mlandu linayamba inu musanafike. Nenani zoona, funsani amene akudziwa, yesaninso kachinayi ndi kachisanu. Mutu ukhoza kuzungulira, koma mtima wokhawo musautaye.