Nkhuku Makumi Asanu pa Boma la Mzimba

Amuna anga atawasamutsira ku Mzimba kukagwira ntchito ya ukalaliki, ine ndinangokhala manja lende. Kwathu ku Ntcheu ndinkagulitsa mbatata ndi kabichi pamsewu, koma kuno tinalibe munda, ndipo malipiro awo ankatha mwezi usanafike pakati. Tsiku lina ndinawauza kuti ndikufuna kuweta nkhuku za nyama m'kakhitchini ka kuseri.

"Zoyera zija?" anandifunsa. "Kadyedwe kake mukukadziwa, mayi?"

Sindinkakadziwa. Ndinagulitsa makina anga osokera kwa mkazi wa wapolisi wina, ndalamayo n'kuitumiza kwa alamu anga ku Lilongwe kuti andigulire anapiye. Anapiye makumi asanu anafika pa basi m'katoni yoboolaboola, pamodzi ndi matumba awiri a chakudya. Atatu anafera m'njira. Mtengo wonyamulira matumbawo sindinauganizire, ndipo kondakitala sanandichotsereko ngakhale tambala.

Unali mwezi wa Juni. Aliyense wa ku Mzimba akanandiuza kuti imeneyo si nyengo ya anapiye, koma sindinafunse munthu. Kunkazizira mpaka madzi a mu ndowa ankaluma zala. Ndinkayatsa mbaula ziwiri, thumba la makala n'kumatha sabata isanathe. M'mawa wina ndinapeza anayi atafa pakona, anzawo atawapsinja pofuna kutentha. Mlangizi wa ziweto anabwera ndi katemera wa chitopa m'fulasiki, ndipo nayenso anali wolipira.

Zitayamba kumera nthenga, ndi pamene ndinamva funso la amuna anga lija. Zinkadya usana wonse, osatopa. Matumba awiri aja anatha msanga, ndipo ena oitanitsa anachedwa. Ndinayamba kugula madeya kuchigayo, n'kumasakaniza ndi soya wokazinga amene bambo wina wa ku Champhira ankabwera naye panjinga. Zinakula ndithu, koma pang'onopang'ono.

Zinakhwima mwezi uli pa teni. Ndinanyamula zinayi m'dengu kupita nazo kumsika, khadi la chipani lili pa mfundo ya chitenje, poti pachipata anyamata a chipani ankalifunsa. Amayi a kumudzi anandizungulira. Mmodzi anainyamula nkhuku, n'kuiika pansi, iyo n'kungokhala chete osathawa.

"Mama, nkhuku yikutondeka na kwenda, mbwenu ise tirye?" anatero m'Chitumbuka, kudabwa kuti angadye bwanji nkhuku yolephera n'kuyenda komwe, anzake n'kuseka.

Mtengo ataumva anangochoka. Iwo nkhuku anali nazo kwawo, zodzidyera zokha m'tchire. Ogula anga enieni anali aphunzitsi, anamwino ndi apolisi, anthu obwera ngati ife. Onsewa anayankha mofanana: "Tisungireni, tidzatenga tikalandira." Ndinazisunga masabata atatu, zikudya, koma mtengo wake osakwera.

Mkati mwa masabata amenewo kunabwera amayi apampando a chipani a dera lathu, mayi wamtali wolankhula mofatsa. Anati kukubwera mlendo wamkulu m'boma muno, ndiye nyumba iliyonse ipereke mphatso. Ena ankapereka mazira, ena ufa.

"Inu tamva kuti muli ndi nkhuku, mama," anatero.

Ndinawatsegulira khola. Anasankha okha zisanu, zonenepa kwambiri, anyamata awiri n'kuzimanga miyendo.

"Yewo chomene," anathokoza potuluka.

Masiku amenewo zinthu zotere sitinkakambirana. Amuna anga atabwera kuntchito ndinawauza, iwo anangogwedeza mutu n'kupempha madzi osamba.

Malipiro atatuluka, nkhuku zonse zotsala zinatha m'masiku anayi. Lamlungu titachoka kutchalitchi tinakhala pakhonde ndi kope la mwana wathu, n'kulemba zonse: anapiye, chakudya, basi, makala, katemera, madeya, soya. Titachotsera, phindu linakwana chitenje chimodzi ndi sopo.

"Ndipo thukuta lanu sitinaliwerengere," anatero amuna anga.

"Likanakhala la ndalama bwenzi tili ndi ngongole," ndinawayankha.

Ulendo wachiwiri ndinayambira kumapeto. Ndinatenga kalendala, kupeza tsiku lolandira, n'kuwerenga masabata chobwerera m'mbuyo kuti ndidziwe tsiku loitanitsa anapiye. Ndinadikira Seputembala kuti kufunde, ndipo ndinagula makumi atatu okha. Anapiye asanafike ndinayenda m'nyumba za ogwira ntchito kulemba ofuna. Namwino wina wa ku Embangweni ankatengeranso anzake zisanu ndi imodzi mwezi uliwonse umene ndinali nazo. Za khola ndinasiya kuuza anthu kumsika.

Phindu silinali lalikulu, koma linkalipira fizi ya ana awiri ndi kutifikitsa kumapeto kwa mwezi. Ndinaweta choncho zaka zitatu. Kenako chakudya cha nkhuku chinasowa m'masitolo miyezi ingapo, alamu anganso anasamukira ku Zomba, ndipo panalibe wina wonditumizira anapiye. Ndinatsuka zomwera, kuzipereka kwa mnansi, n'kuyamba kukazinga mandasi pafupi ndi depoti.