Kapepala ka ku Chinsapo

A Saulos Chimphepo adabadwira ku Dowa, koma ku Kawale ankadziwika kuti mdala wa njinga ya mabuku. Mu 2004 malaibulale anayi ang'onoang'ono, a ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Area 25, adagwirizana zokhala ndi kaundula mmodzi. Buku lililonse linali ndi khadi lake, lokoperedwa kanayi, kuti munthu wa ku Biwi adziwe zomwe zili pa shelefu ku Area 25 osakwera minibasi. Ukafuna buku la kwina, unkangolemba dzina lako pa kapepala. A Saulos ndiwo ankakopera makadiwo, poti zilembo zawo zinali zowongoka ngakhale sukulu adalekezera Fomu 2. Lachiwiri ndi Lachisanu ankazungulira ndi katoni ya mabuku pa kaliyala.

Ankakhala okha m'chipinda cha lendi kuseri kwa msika. Akazi awo adamwalira mu 1991, ndipo akuchikazi adatenga mwana wawo Mwayiwathu, wa zaka zisanu, kupita naye ku Ntchisi. A Saulos adakamuwonako kawiri. Ulendo wachitatu adapeza banjalo litasamukira ku esiteti ya fodya ku Kasungu, ndipo palibe adadziwa kuti ndi iti. Chaka ndi chaka ankangoganizira mumtima kuti pano ali Sitandade 8, pano mwina wakwatiwa.

Lachisanu lina mu June 2006, akusanja timapepala ta ku Chinsapo, adawona kolembedwa kuti, "Mwayiwathu Saulos. Bayoloje ya Fomu 4. Lili ku Area 25." Adakhala pa benchi n'kuwerenganso.

"Ameneyu ndani?" a Saulos adawafunsa mayi Khadijah, oyang'anira laibulale ya ku Chinsapo.

"Mtsikana wamtali, wa mpata kumano. Amagwira ntchito ya m'nyumba ku Area 3, akubwereza mayeso. Amabwera Loweruka. Mukumudziwa?"

"Kaya," adayankha a Saulos. Malemu akazi awo analinso ndi mpata kumano.

Bukulo adakalitenga tsiku lomwelo, ngakhale kuti Area 25 ndi kutali. Chikuto chinali chitang'ambika, iwo adachimata, n'kulikuta ndi pulasitiki. Masabata atatu otsatizana ankafika ku Chinsapo Loweruka, kuyima pafupi ndi mpopi, kumuwona mtsikanayo akulowa, kenako kubwerera. Kayendedwe kake kanali ka mayi ake. Chomwe ankawopa ndi kufunsidwa kuti munali kuti zaka zonsezi.

Loweruka lachinayi mayi Khadijah adatuluka n'kugwira chiwongolero cha njinga. "Bambo Chimphepo, mwayimapo mokwanira pamenepa. Lowani, ndamuwuza kuti pali ofuna kumulankhula."

Adalowa, chipewa chili m'manja.

"Ine ndine Saulos, wa kwa Chimphepo ku Dowa."

Mwayiwathu adawayang'ana nthawi yaitali. "Amalume ankati mudapita ku Joni."

"Sindidapite kulikonse, mwana wanga. Ndili pa Kawale pompa."

Mtsikanayo sadalire. Adangofunsa ngati ali ndi chithunzi cha mayi ake, chifukwa nkhope yawo adayiyiwala. Chidalipo chimodzi, cha tsiku la ukwati. Mawa lake, atatuluka kutchalitchi, adabwera ku Kawale kudzachiwona, ndipo kuyambira pamenepo ankabwera Lamulungu lililonse. Nkhani sizinkayenda kwenikweni. Ankamwa tiyi, iye akuwerenga, iwo akukopera makadi.

Mayeso adakhoza, ndipo chaka chotsatira adapeza malo ku sukulu ya unamwino ya mishoni, kumpoto. A Saulos adamuperekeza ku depoti atasenza chikwama chake. M'kalata yachiwiri ndi momwe adayamba kuwalemba kuti Ababa.

A Saulos adapalasabe njinga mpaka 2009, mawondo atayamba kukana. Mwayiwathu atamaliza sukulu adalembedwa ntchito kumpoto komweko. Ankabwera pa Khirisimasi akamupatsa tchuthi, zaka zina osamupatsa. A Saulos adagula foni yakale kwa mnzawo wa pamsika, ndipo ankayiyika m'thumba la malaya kulikonse apite, ngakhale kutchalitchi, osayizimitsa.