Giya ya Kakowa

A Thoi sanali munthu wokhala pansi. Ngakhale mpunga ankadya chiimire, mbale ili m'manja, maso ali kungalande. Akazi awo, a Lua, ankati mpando wa m'nyumba mwawo unagulidwira alendo basi. M'mudzi wonse wa Ba Tri ankawadziwa ndi phokoso la injini yawo yopopera madzi, imene aliyense ankangoitcha Kakowa chifukwa cha kambalame kojambulidwa pathanki pake. Fakitale yake inatseka a Thoi asanamere ndevu. Injiniyo anawasiyira ndi malemu bambo awo, pamodzi ndi minda iwiri ya mpunga, wakumunsi ndi wakumtunda. Mtima wapachala uja anachita kubadwa nawo okha.

Chaka chimenecho madzi amchere anafulumira kukwera mumtsinje kuchokera kunyanja. Kunalengezedwa kuti zipata za ngalande zitsegulidwa masiku anayi okha kuti aliyense apope madzi abwino. Zikatsekedwa, mpunga wosathiriridwa unali wouma basi. M'mawa wa tsiku loyamba Kakowa anatsokomola kawiri, kenako zii. A Thoi atamasula, anapeza giya yaing'ono itaguluka mano atatu. Zobwereka panalibe, pampu iliyonse m'mudzimo inali kalikiliki pamunda wa mwini wake.

"Pitani nayo kwa a Gam akakusemereni ina," anatero a Lua.

A Gam anali mayi wosema zitsulo pamsika, amene anatenga makina a bambo awo. Ntchito yawo inkayenda chonchi: ubweretse chothyokacho, iwo ayeze, akusemere chofanana nacho.

"Ndiwapatse nkhalamba yopanda mano andisemere nkhalamba inzake?" anakalipa a Thoi. "Ine ndikufuna yeniyeni, yakufakitale."

"Yeniyeniyo mukaitola kuti, bambo a Nhan? Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Mwambiwo unagwera pamsana, munthu anali ataliza kale njinga yamoto.

M'tawuni ya Ben Tre analowa sitolo zisanu ndi imodzi, giya ataikulunga m'kansalu. Ena ankangopukusa mutu. Wina anaitembenuza m'manja n'kuseka. "Kakowa? Achimwene, inu ndi Kakowa mukadali moyo nonse?" Anawalozera kwa msodzi wa ku My Tho amene anaika injini yoteroyo m'boti lake. Atafika, msodziyo anati anaigulitsa kalekale kwa ogula zitsulo pasikelo. Tsiku loyamba linatha choncho.

Tsiku lachiwiri anawolokera ku mzinda wa Can Tho, kumene injini zakufa zimaunjikidwa milumilu ngati makoko a kokonati. Anafukula mpaka zala zinachucha magazi. Akakowa awiri anawapeza, koma onse anali atachotsedwa kale zam'mimba. Khofi amene anagula anamusiya asanafike theka, chifukwa wina anali atatchula dzina la a Hoanh, mkulu amene kale ankagulitsa injini zimenezi. Foni inalira. Anali a Lua.

"Munda wakumtunda wayamba ming'alu."

"Ndatsala pang'ono."

"Dzulo munateronso."

A Thoi anachita mantha, mantha enieni, koma kubwerera chimanjamanja kunawachititsa manyazi kuposa manthawo.

A Hoanh anapezeka m'mawa wa tsiku lachitatu, akudyetsa mbalame zawo. Ameneyo ndiye anali munthu wosafulumira. Anayamba athira tiyi, nafunsa za mvula, nafunsa za bambo awo a Thoi, mlendo ali jegwejegwe pakhomo. Kenako anakwera makwerero, natsika ndi kaphukusi ka pepala la girizi, kodindidwa kakowa pamwamba. Mkati munali giya yonyezimira, mano onse gwa, yosalawako ntchito chiyambire. A Thoi misozi inalengeza. Sanachite nkomwe kunenerera mtengo.

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka, osasamba, osadya, molunjika kwa Kakowa. Analowetsa giya pashafiti, kamtengo kachitsulo kamene giyayo imakhalapo. Inangolowa yokha, lendelende, bowo lake litakula. Anayesa kuilumanitsa ndi giya yaikulu, mano anakana. Anatembenuza, anagogoda, anatukwana. Ayi ndithu.

Nanga akanatani? Anamangirira injini yonse pangolo, ulendo kumsika.

A Gam anayeza shafiti, nayeza giya zonse. Kenako anavula magalasi.

"Achimwene, shafiti iyi inasemedwa muno. Itadyeka chaka cha chigumula chija, bambo anga anaichepetsa, bambo anu ataima pomwe mwaimapo. Giya yaikuluyi ndi yamuno. Yothyokayi ndinasema ndine, ndili mtsikana. M'Kakowa wanuyu chakufakitale chatsala ndi kambalame kokha."

A Gam anatambasula dzanja, kuloza giya yothyoka ija.

"Mukanabwera tsiku loyamba, bwenzi mukupopa chidzulo. Bweretsani kuno nkhalambayo."

Mawu awo aja onena za nkhalamba anali atafika kumsika iwo asanafike. A Lua nawonso!

Kusema giya sikuthamangiridwa, dzino lililonse limafuna nthawi yake. A Thoi anazungulira msika wonse kangapo, kubwera n'kusuzumira, kupita, kubweranso, mpaka a Gam anawaopseza kuti akasuzumiranso azimitsa makina. Giya inatha masana a tsiku lachinayi. Inali yakuda, yosaoneka bwino, koma inalowa pashafiti thi, ngati inabadwira pomwepo. Kakowa analira.

Madzi anakhuthukira m'munda wakumunsi, a Thoi akuthamanga m'mizere kutsegula njira ndi khasu. Pamene ankakokera paipi kumtunda, ngalande inali itayamba kuphwa. Zipata zinali zitatsekedwa. Anaima n'kuyang'ana munda wakumtunda, masamba atapota ngati ulusi, nthaka ili ng'aa. Theka la chakudya cha chaka linapita masiku atatu aja.

Atalowa m'nyumba anatulutsa giya yonyezimira ija m'thumba. Anaiika paguwa la makolo, patsogolo pa chithunzi cha bambo awo, nayatsa lubani.

"Nayi yeniyeni, bambo," anatero motsitsa. "Bwanji simunandiuze?"

A Lua anali pakhomo ndi mbale ya mpunga.

"Anakuuzani, atagona pabedi apo. Ine ndinalipo. Anati Kakowa akadwala, dokotala wake ndi wapamsika. Inu munali mutadzuka kale kukaona madzi."

A Thoi anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Kenako anakoka mpando wa alendo uja n'kukhala pansi.