Mailo Lake Liti?

Kumene ndinakulira sikunali kumudzi kwenikweni, komanso sikunali m'tauni. Nyumba zathu zinali pakati pa boma la Petauke ndi mphambano ya pamsewu waukulu wa tala, imene aliyense ankangoitcha pa Tenofu. Ambiri okhala pamenepo anali anthu olembedwa ntchito kuboma koma osapatsidwa nyumba: amesenjala, ophika kuchipatala, osesa m'maofesi, akalipentala. M'mawa njinga zinkatuluka mondondozana kulowera kuboma, madzulo n'kubwerera momwemo. Masana pamudzi pankatsala amai athu, ana ndi nkhuku.

Zinthu zathu tinkanyada nazo kuposa mmene zinalili. Tinali ndi mjigo umodzi umene unkafa chilimwe chilichonse, chigayo chimene chinkagaya dizilo akapezeka, ndi sukulu ya pulayimale yofika Giledi Seveni, makalasi ena a malata, ena a udzu. Kiliniki tinalibe, koma wina akatifunsa tinkayankha msanga kuti chipatala chili pafupi. Positi ofesi inali pafupi, msika unali pafupi, basi inali pafupi. Anthu a ku Nyampande ndi ku Sasare ankayenda tsiku lathunthu kudzafuna zimene ife tinkazipeza tisanatuluke thukuta, ndipo tinkawamvera chisoni chokhala ndi kamwano pang'ono.

Atate anali mesenjala. Iwo ndi amai anachokera cha ku Katete ine ndisanabadwe, ndipo ngakhale anakhala pakati pa Ansenga zaka zonsezo, atate anakana kutola mawu awo. Ine ndinkalankhula Chinsenga pabwalo ndi anzanga, koma ndikalowa m'nyumba ndinkachisiya pakhomo pamodzi ndi matope a kumapazi. Mawu amene ankawaseketsa kwambiri atate anali akuti mailo. Kwathu ku Petauke mawu amodzi omwewo amatanthauza dzulo, amatanthauzanso mawa, ndipo womva amadziwira pa mawu otsatana nawo, ngati munthu wati ndinapita kapena wati ndidzapita. Eni ake sasokonezeka. Koma atate ankati, "Anthu amene anamanga dzulo ndi mawa mtolo umodzi, ungapangane nawo chiyani?" Akatero ankaseka okha.

Za basi ndinene pang'ono, chifukwa ana a masiku ano sangamvetse. Basi inalipo, ya boma, yochokera ku Chipata kupita ku Lusaka. Kawirikawiri inkafika pa Tenofu itadzaza kale, dalaivala n'kungoliza hutala ngati akupereka moni pamaliro, osaima. Masiku ena sinkabwera n'komwe, ati matayala asowa. Ikaima, anyamata a chipani ankayamba aona khadi la munthu asanamulole kuponda pachitseko. Anthu ankagona pa Tenofu ndi katundu wawo mpaka kuzolowerana, ena kuyamba kuphikira limodzi. Panali golosale imodzi pamenepo, ndipo mwini wake, bambo wina wa Chinsenga wosakonda kulankhula, ndiye ankasunga mauthenga onse a pamsewu. Dalaivala aliyense wodutsa ankasiya mawu kwa iye.

Chaka chimene ndinalemba mayeso a Giledi Seveni, ndinasankhidwa kupita Fomu Wanu kusekondale yogonera komweko, cha ku Nyimba. Pasukulu pathu mtsikana wosankhidwa ndinali ndekha. Ahedi anatiitana, ine ndi atate, n'kutiuza zinthu ziwiri. Choyamba, mwana amene safika m'sabata yotsegulira malo ake amapatsidwa kwa wina, chifukwa odikira anali ambiri kuposa mabedi. Chachiwiri, lole ya sukuluyo idzadutsa pa Tenofu kamodzi kokha kudzatenga ana, koma tsiku lake silidziwika, zidalira dizilo. Amene watsala adzionere yekha.

Ndinkawafuna malo amenewo kuposa china chilichonse. Atsikana amene ankatsala pambuyo pa Giledi Seveni ndinkawaona pamjigo, chaka chotsatira ali ndi mwana kumsana, ndipo sindinkafuna kudzaima nawo pamzere umenewo. Atate nawonso ankawafuna, mwa njira yawo. Anandigulira bokosi lachitsulo, n'kulemba dzina langa pachivindikiro ndi penti yoyera imene anapempha kwa kalipentala, zilembo zazikulu ngati za pachitseko cha ofesi.

Sabata yotsegulira itayandikira, ana a kumidzi yakutali anayamba kufika pa Tenofu ndi mabokosi awo, n'kumagona pakhonde la golosale. Inali nyengo ya mvula. Amai anafunsa ngati nanenso ndisapite kukadikira komweko.

"Mwana wanga akagone pakhonde ngati wosowa kwawo?" anatero atate. "Ife tili pafupi. Ndizikafunsa m'mawa uliwonse."

Anachitadi zimenezo. Asanalowere kuboma ankayamba apalasa kupita ku Tenofu, kufunsa, n'kutembenuka. Lamlungu lokha sanapite, chifukwa tinali kutchalitchi, ndiponso ankati galimoto ya boma siyenda Lamlungu.

Lolemba m'mawa anapeza pagolosale pali chipwirikiti. Kunabwera sopo, amene anali atasowa miyezi, ndipo mzere unazungulira nyumba mpaka kuseri. Atate anali atachedwa kale kuntchito. Sanatsike panjinga. Anaponda phazi limodzi pansi n'kufuula pamwamba pa mitu ya anthu, "Lole ya sukulu?"

"Mailo!" anayankha mwini golosale ali m'kati.

Madzulo atate anafika kunyumba akuimba mluzu. Amai anafunsa kuti bambo uja wati chiyani, ndipo atate anati, "Wati mawa." Mawu aja anali atawatembenuza kale panjira, anafika kunyumba ali m'Chichewa chathu, oyera bwino. Palibe amene akanakayika. Amai anakazinga nsawawa, anasita diresi langa, ndipo atate anali atapempha kale kuntchito kuti Lachiwiri asadzapite.

Tinafika pa Tenofu m'mawa, bokosi lili pakaliyala ya njinga, ine ndi amai tikutsatira pansi. Ndinaona kuti pakhonde palibe mwana wa sukulu ndi mmodzi yemwe, koma ndinaganiza kuti athawa mvula. Golosale inali yotseka, mwini wake atapita kuboma. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Basi inadutsa osaima. Kunadutsa lole ya chimanga, thirakitala, ndi galimoto ya bwana wina. Amai ogulitsa vitumbuwa ankatiyang'anayang'ana, koma atate anali atavala yunifolomu yawo ya khaki, atakhala tsonga, ndipo nkhope yawo sinali yoti munthu angaifunse kanthu.

Dzuwa litapendeka mwini golosale anabwera. Ataona bokosi anaima.

"Bambo, muyembekeza chani?"

"Lole ya sukulu. Si munati lero?"

"Lole inapita pa Sondo. Ninakuuzani mailo kuti inapita mailo."

"Simunati inapita. Munangoti mailo."

"Manje manja yanali na sopo. Ninaloza na mutu kumbuyo, so. Simunaone?" Anaponya mutu kumbuyo kuwaonetsa mmene anachitira.

Atate anali ataona. Anaganiza kuti akuwalozera kumene mzere wa sopo unathera. Lole inali itadutsa Lamlungu, tsiku lokhalo limene sanapite kukafunsa. Anaima pamenepo kukamwa kuli yasa, ndipo ine ndinawakwiyira kwambiri moti sindinathe kuwayang'ana. Ndinayang'ana dzina langa pabokosi. Pobwerera kunyumba amai anauza msewu motsitsa mawu kuti safunsa anadya phula. Atate anamva, n'kumangokankha njinga.

Tsiku lenileni lotsekera kulandira ana palibe ankalidziwa. Ahedi anangoti m'sabata yotsegulira, ndipo sabatayo inali itayamba kale. Kudikira basi kunali kutaya malo mwaulemu. Kutacha Lachitatu ndinamva atate akupopa matayala panja. Sanapite kukapempha chilolezo kuntchito, nthawi yake panalibe. Bokosi ndi ine sitikanakwanira panjinga imodzi, choncho amai anatulutsa zovala, bulangete ndi mbale, n'kuzimanga m'chitenje. Bokosi lija linatsala pakona, ndipo pambuyo pake amai ankasungiramo mbewu ya nyemba.

Kuchokera ku Petauke kukafika ku Nyimba ndi kutali kwa munthu wopalasa, ndiponso pali zitunda zimene uli m'basi suziona. Ndinakhala pakaliyala, mtolo uli pamiyendo. Pachitunda tinkatsika tonse n'kumakankha, pamtsetse tinkakwera. Mvula inatipeza kawiri, dzuwa n'kutiumitsa kawiri. Basi inatipitirira itadzaza, n'kutithira madzi a m'maenje, atate osatukwana n'komwe. Tsiku lonse ndinkangoona msana wawo, khaki itamatirira, ndi mtsempha wa pakhosi ukugunda. Sanali mnyamata. Masana tinadya nsawawa zija titaimirira. Sanandipepese. Mkwiyo wanga unayamba kutha titafika kumene akazi amagulitsa nthochi m'mbali mwa msewu, pamene ndinaona kuti akatsika panjinga akulephera kuwongola msana ndipo akubisa zimenezo ponamizira kuona tcheni.

Tinalowa pachipata cha sukulu dzuwa lili pafupi kulowa. Atsikana ovala yunifolomu ankadutsa ndi mbale m'manja, kutiyang'ana n'kumanong'onezana. Paofesi tinapeza kalaliki, amai achikulire, atatipatsa msana, akulimbana ndi loko wa pachitseko. Atate anatsamiritsa njinga pakhoma n'kuvula chipewa.

"Odi, amai. Ndabwera ndi mwana wa Fomu Wanu, wochokera ku Petauke. Lole inatisiya. Kulandira ana kutha liti?"

Amai aja sanatembenuke. Loko anali atawavuta.

"Mailo," anatero.

Ndinayang'ana mutu wawo. Sunapite kumbuyo, sunapite kutsogolo. Ine amene ndinabadwira m'mawu amenewo sindinadziwe chimene anena. Atate anapinda chipewa chawo m'manja. Munthu ameneyu anali asanafunsepo Mnsenga kuti abwereze mawu, ankati womva pang'onopang'ono ndi iwowo. Anatsitsa mawu mpaka ndinavutika kuwamva.

"Pepani, amai, ine chilankhulo chanu sindinachiphunzire bwino. Mailo lake liti, lapita lija kapena likubwerali?"

Apo ndiye amai aja anatembenuka. Anayang'ana matope a pabuluku la atate, njinga, ndi ine ndi mtolo wanga.

"Mwachoka ku Petauke na njinga?"

"Inde, amai."

"Ni mailo ya kutsogolo, bambo. Mwafika bwino. Mwana aende akadye na anzake, tizamulemba kuseni, kukacha."

Atate anati zikomo, kenako anakhala pansi pasitepe ya ofesiyo, pomwepo, ngati thumba limene latulidwa. Amai aja anawasiya akhale. Anaitana mtsikana wina kuti andiperekeze, ndipo ndikupita ndinamva akufunsa atate ngati ali ndi kogona.

Atate anagona kwa mlonda wa pachipata. M'mawa wa Lachinayi, nditalembedwa kale m'kaundula, ndinawapeza akumanga chitenje cha amai pakaliyala. Ankayenda motsimphina. Anandiuza kuti ndizimvera aphunzitsi, ndisamabwereke zinthu za anzanga, ndiponso kuti bokosi adzalitumiza basi ikadzapezeka, ngakhale tonse tinkadziwa za basi. Ndinkafuna kuwathokoza, koma kwathu mwana sathokoza atate ake ndi mawu ambiri. M'malo mwake ndinafunsa za ntchito, chifukwa ndinkadziwa kuti mesenjala wojomba osanena sakhalitsa.

"Atate, nanga kuntchito akukuyembekezani liti?"

Anakwera njinga, anaponda phazi limodzi pansi, n'kuyang'ana kuchipata.

"Mailo," anatero.

Kanali koyamba kuwamva akutchula mawu amenewo osaseka. Kuntchito ankawayembekezera dzulo lake, ndipo akanakafikako mawa lake. Sanaloze ndi mutu kulikonse, ndipo ine sindinafunse.