Zithunzi Ziwiri za a Hilário

A Hilário Kanyoza anabadwa pa 3 Fevereiro 1914 cha ku Kalomwe, koma zaka zawo zambiri zauchikulire anakhala pa chikamwini kumudzi kwa akazi awo, a Emilia, ulendo wa maola awiri wapansi kuchokera ku mishoni ya Fonte Boa. Mu 1947 anabwera kuchokera ku mzinda wa Sozibele, kumene ankatsuka mafilimu m'sitolo ya wojambula wina. Anzawo ankabwera ndi majasi ndi zipewa. Iwo anabwera ndi makina ojambulira, kabokosi kakuda, ndi chizolowezi chouza munthu aliyense kuti asaphethire.

Ankalima chimanga ndi mbatatesi ngati wina aliyense, koma Loweruka ankapalasa njinga kupita ku maukwati ndi maubatizo. Filimu ankaitumiza ku Dedza kuti akaitsuke. Pofika 1952 analibenso munthu womujambula m'midzi yonseyo, kupatula apongozi awo, amene ankabisala kuseri kwa nkhokwe akangoona kabokosiko.

Chaka chimenecho kadzidzi anaswa ana mumkuyu wa kudambo. Anthu anasiya kudutsako. A Hilário okha ankaima patsinde, khosi lili m'mwamba. Ankafuna chithunzi choti ana a ku shikola aone kuti mbalame imene amaiopayo ili ndi nthenga ndi zikhadabo basi. Vuto linali kuwala: kabokosi kawo sikankaona mumdima, ndipo masana kadzidzi ankangosinza m'masamba.

Inali nyengo yokumba mbewa. Lolemba pa 18 Agosito anagwira mbewa yamoyo, naimanga mwendo ndi luzi, naiponya poyera dzuwa litapendeka. Tsiku lachinayi kadzidzi anatsika, poti ana anali ndi njala. Tsiku lililonse a Hilário ankasendeza mbewa pang'ono, kufuna malo opanda mthunzi, mpaka anafika pabwalo la kuseri kwa nyumba ya Zita, mng'ono wa akazi awo. Pamenepo anajambula chithunzi chokongola, mapiko otambasuka, maso achikasu akuyang'ana m'makina.

Koma Zita anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Lachiwiri pa 9 Setembulo kadzidzi anabwera yekha osaitanidwa, natera patsindwi la nyumba yake, nalira kawiri dzuwa lisanalowe. Zita anathawira kwa amayi ake. Mawa lake mbalame inabweranso, ndipo mudzi wonse unayamba kunong'ona kuti mkamwini uja anabwera ndi zambiri ku Sozibele, osati kabokosi kokha.

Anaitanitsa a Basilio, mlongo wa a Emilia ndi Zita, amene anali mwini mbumba. Anafika Lamulungu pa 14 Setembulo mapemphero atatha. Anali munthu wanthabwala, koma tsiku limenelo anadya osaseka n'komwe, ndipo bwalo linakhala dzuwa litapendeka.

"Alamu," anatero a Basilio, "amayi akuti ngati mbalameyi ndi yanu, mumange katundu wanu musanagone. Njinga muli nayo kale."

A Hilário anayang'ana akazi awo ndi mwana wawo Pita. Kenaka anaganiza kuti choonadi chiwapulumutsa.

"Si yanga, alamu. Dikirani ndikuonetseni m'mene ndimachitira."

Anatenga mbewa mumphika umene ankasungiramo, naimanga, naiponya pabwalo. Pasanapite nthawi kadzidzi anatsika mwakachetechete natera pafupi ndi mapazi awo. Azimayi anakokera ana kumbuyo. A Hilário anamwetulira, akuyesa kuti mlandu watha.

"Ndiye mwati si yanu?" anafunsa a Basilio. "Galu wanga amene ndinamulera ndekha sabwera msanga chonchi."

Apa ndi pamene a Hilário anazindikira kuti adzimangirira okha. A Emilia ananyamuka, napita kumphika, natulutsa mbewa ina.

"Bambo a Pita, pitani mukakhale m'nyumba, mutseke chitseko," anatero. Atatero anamanga mbewa ija, napereka luzi kwa mlongo wawo. "Achimwene, gwirani."

"Ine?"

"Inu amene. Kapena mukuopa mbewa?"

Anthu anaseka pang'ono, ndipo a Basilio sakanachitira mwina. Anagwira luzi ndi nsonga za zala. Kadzidzi, amene anali atapereka mbewa yoyamba kwa ana ake, anabwerera natera pamapazi pawo. A Basilio analumpha mpaka chipewa chinagwa.

"Eya, achimwene, nanunso mumange katundu," anatero a Emilia. "Mbalameyi sidziwa bambo a Pita. Ikudziwa mbewa."

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Ngakhale Zita anaseka atagwira mimba. Apongozi anatumiza mawu kudzera mwa a Basilio kuti mkamwini akhale, koma mbewa azibwera nazo kukhitchini.

A Hilário anatuluka m'nyumba akuseka nawo, koma anaona chinthu chimene ena sanachisamale. Munthu wina kumbuyo anali atanyamula chibonga, ndipo kadzidzi anali atatera mosaopa pamalo oti chibongacho chikanamufika. Mbalame imene kale inkathawa munthu ali patali, tsopano inkabwera kwa aliyense wogwira luzi. Amene anaichotsa mantha anali iwo, chifukwa cha chithunzi chimodzi, ndipo mumkuyu munali ana awiri oyembekeza.

Kuyambira pa 15 Setembulo anayamba ntchito yodanitsa. Kadzidzi akayandikira mudzi, iwo ankamenya chitini, kukupiza chiguduli, kukuwa. Mbalame inkawayang'ana modabwa, ndipo zinkawapweteka mtima. A Basilio, amene anatsalira kudikira kuti mlongo wawo Zita achire, ankawanyoza ali pakhonde: "Alamu, mwasudzulana ndi mbalame yanu?" Patatha masiku khumi ndi limodzi kadzidzi sanabwerenso. Lachinayi pa 2 Outubulo Zita anabereka mwana wamkazi wonenepa, amene anabatizidwa dzina la Cacilda.

A Hilário sanamangenso mbewa. Chaka chilichonse ankakhala patsinde la mkuyu ndi kabokosi pamaondo, osanyamula kanthu kena. Pa 27 Setembulo 1955 kadzidzi anatulukira panthambi kudzaothera dzuwa lam'mawa, ndipo iwo anajambula. Chithunzicho chinatuluka chosaoneka bwino: masamba ambiri, ndi kanthu kotuwa pakona katatsinzina diso limodzi. Chimenecho ndicho anapachika pakhoma ndi kupita nacho ku shikola. Chokongola chija chinakhala pansi pa sutikesi mpaka tsiku limene anamwalira, pa 21 Maio 1986.

Alendo akafunsa kuti mbalameyo ili pati, a Hilário ankaloza ndi chala n'kunena kuti, "Ili apa. Sikundidziwa n'komwe." Ponena zimenezi nkhope yawo inkawala.